Batire la m'nyumba ku Birmingham: mukugula chiyani kwenikweni?

Munthu amene anakhalako ku Blantyre kapena ku Lilongwe safuna kuuzidwa ntchito ya inverter. Kuthimathima kwa magetsi kwa mu 2017, madzi atachepa mu Shire, kenako kuonongeka kwa malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana anachotsa pafupifupi mamegawati 130 pa magetsi a dziko lonse, zinaphunzitsa mabanja ambiri kuti inverter ndi mabatire awiri pakona ya pabalaza ndizo zimathandiza kuti ana awerenge usiku ndiponso ndiwo zisaonongeke m'firiji. Tsono Amalawi amene akhazikika ku Birmingham, Wolverhampton, Walsall kapena Coventry akaona makampani akutsatsa mabatire a m'nyumba, amawamva ndi makutu akumudzi: ichi n'chotchinjiriza ku mdima. Apa ndi pamene ndalama zingatayike. Ku West Midlands batire la m'nyumba limabweza ndalama zake kudzera pa mtengo wa magetsi, osati pa kuthima kwa magetsi, ndipo ambiri mwa mabatirewa sakuyatsirani ngakhale babu limodzi magetsi akazima pokhapokha mutapempha zimenezo ndi kulipira mwapadera. Wogula ayenera kuyamba wadziwa kuti pa zinthu ziwirizi akufuna chiti.

Tiyambe ndi mdimawo. Mawaya ndi matransifoma a chigawo chino amayang'aniridwa ndi National Grid Electricity Distribution, imene mpaka 2022 inkadziwika kuti Western Power Distribution, ndipo magetsi akazima anthu amaimba nambala yaulere ya 105. Malipoti amene bungwe loona za magetsi la Ofgem limatulutsa amaonetsa kuti nyumba wamba ku Britain imakhala yopanda magetsi kwa nthawi yosafika ola limodzi pa chaka chonse. Mkati mwa Birmingham mawaya ambiri anakwiriridwa pansi, kotero mphepo ndi mitengo siziwafika. Ngakhale pa 9 Ogasiti 2019, mphenzi itagunda waya wamkulu ndipo malo opangira magetsi a Hornsea ndi Little Barford atasiya kupereka magetsi nthawi imodzi, nyumba ndi mabizinesi pafupifupi miliyoni imodzi amene anakhudzidwa anabwezeredwa magetsi ola lisanathe. Kutaya mapaundi masauzande angapo pofuna kupewa mdima wotere n'kugula mankhwala okwera mtengo a matenda amene mulibe.

Chimene chimadabwitsa ogula ambiri n'chakuti batire lodzaza bwino likhoza kungokhala chete nyumba yonse ili mumdima. Si kuti laonongeka. Malamulo amafuna kuti inverter iliyonse yolumikizidwa ku magetsi a mumsewu idzizimitse yokha ikangozindikira kuti magetsiwo achoka, chifukwa ikapitiriza kukankhira mphamvu m'mawaya, munthu amene akukonza wayayo poganiza kuti mulibe moto akhoza kufa. Kuti batire likutumikireni pa nthawi imeneyo pamafunika chipangizo chodula nyumba yanu ku mawaya a mumsewu. Njira yotsika mtengo ndi imene amisiri amaitchula kuti EPS, yomwe imapereka magetsi ku soketi imodzi kapena ziwiri, kapena ku mbali yochepa ya nyumba imene mwasankha. Njira yokwera mtengo ndi bokosi lolekanitsa nyumba yonse, limene makampani ena amalitchula kuti gateway. Njira zonsezi zimafuna waya wowonjezera, ndipo kawirikawiri zimafunanso chitsulo chokhomera pansi panja, poti nyumba ikadzipatula singadalirenso waya wa pansi wochokera ku kampani. Ngati pepala la mtengo limene mwapatsidwa silikutchula zinthu zimenezi, ndiye kuti mukugula batire limene lidzagona pamodzi ndi magetsi a mumsewu.

Nanga anthu amagulira chiyani? Amagulira kusiyana kwa mtengo wa magetsi a usiku ndi a masana. Nzeru yake ndi ya nkhokwe: mumagula chimanga nthawi yokolola chili chotsika mtengo, n'kumadya mu Febuluwale anzanu akulira pamsika. Dongosolo la Economy 7, lopereka maola asanu ndi awiri a usiku pa mtengo wotsika, lakhalapo kuyambira 1978, ndipo kubwera kwa mamita amakono otumiza okha ziwerengero kwachititsa kuti makampani ngati Octopus Energy ndi E.ON Next abweretse mitengo yosiyanasiyana ya usiku, ngakhale ina mwa yotsikitsitsa imafuna kuti mukhale ndi galimoto yoyendera magetsi. Batire limadzaza usiku, inverter n'kumadyetsa nyumba masana ndi madzulo. Chidwi cha anthu pa zimenezi chinakula mu 2022, mitengo itakwera mpaka boma kulowererapo mu Okutobala ndi kuika yuniti pa 34p. Mu 2025 mtengo wa malire umene Ofgem imaika unkasinthasintha pakati pa 24p ndi 28p pa yuniti.

Masamu ake ndi osavuta, ndipo aliyense ayenera kuwachita yekha asanasaine kanthu. Mu 2025 Ofgem inkawerengera kuti nyumba yapakatikati imagwiritsa ntchito mayunitsi 2,700 pa chaka, kutanthauza mayunitsi opitirira pang'ono 7 pa tsiku. Tiyerekeze kuti mwapeza mtengo wa usiku wotsika ndi 15p poyerekeza ndi umene mukulipira panopa, ndipo batire likukwanitsa kusamutsa mayunitsi onse 7. Mwapulumutsa paundi imodzi ndi kakobiri pa tsiku, pafupifupi mapaundi 380 pa chaka. Chotsanipo gawo limodzi mwa magawo khumi a magetsi limene limatayika podzaza ndi potulutsa, mutsala ndi ndalama zoyandikira mapaundi 350. Ngati zonse pamodzi munalipira mapaundi 4,000, mudikira zaka zoposa khumi ndi chimodzi kuti ndalama zibwerere, pamene makampani ambiri amalonjeza kukonza kapena kusintha batire kwa zaka khumi zokha. Onjezerani apo kuti pa Economy 7 mtengo wa masana umakhala wokwera kuposa wamba, kotero tsiku lililonse limene batire latha msanga mumalipira chowonjezera. Banja lalikulu, lochapa tsiku ndi tsiku ndi kuphikira magetsi, masamuwa amalikomera. Anthu awiri amene amachoka m'mawa n'kubwera usiku, ndiponso amaphikira ndi kutenthetsa nyumba ndi gasi, sawapindulira kwenikweni, ndipo wotsatsa malonda amene sakufunsani bilu yanu ya chaka chonse asanatchule kukula kwa batire sakuganizira thumba lanu.

Amene ali kale ndi mapanelo a sola padenga ali pabwinopo. Kuyambira 1 Januwale 2020, dongosolo la Smart Export Guarantee limakakamiza makampani akuluakulu kulipira magetsi amene nyumba yatumiza kunja, koma kawirikawiri amagula motsika kuposa mmene amagulitsira, choncho kusunga magetsi a masana n'kuwagwiritsa ntchito madzulo kumapindulitsa. Chongofunika kukumbukira n'chakuti dzuwa la ku Birmingham si la ku Nsanje. Mu Disembala kumacha mochedwa, kumada isanakwane 4 koloko madzulo, ndipo mapanelo amatulutsa kachigawo kochepa chabe ka zimene amatulutsa mu Juni. M'miyezi yozizira batire limadalirabe magetsi otsika mtengo a usiku.

Pali ziwerengero ziwiri zimene ogula amazisokoneza. Kukula kwa batire kumayezedwa mu kWh, ndiko kuchuluka kwa magetsi amene lingasunge. Mphamvu ya inverter imayezedwa mu kW, ndiko kuchuluka kwa magetsi amene ingatulutse pa nthawi imodzi. Ketulo imodzi yokha imafuna pafupifupi 3 kW, ndipo shawa yotenthetsa madzi ndi magetsi imafuna 8 kW kapena kuposa. Mukhoza kukhala ndi batire lalikulu la 13.5 kWh, koma ngati inverter yanu ndi ya 3.6 kW, ketulo ndi uvuni zikayaka limodzi magetsi otsalawo adzachokera mumsewu pa mtengo wa masana, ndipo ngati magetsi azima, inverter idzangodzidula. Kuchuluka kwa ma inverter a 3.6 kW pamsika sikunangochitika mwangozi. Pansi pa lamulo la G98, chipangizo chosapitirira 3.68 kW chikhoza kuikidwa kaye, kampani ya mawaya n'kuuzidwa pasanathe masiku 28. Chopitirira apo, kuphatikizapo inverter ya sola ngati ilipo kale, chimagwera pa G99 ndipo chimafuna chilolezo ntchito isanayambe, chimene chingatenge masabata angapo.

Wina anganene kuti nyengo yasintha ndipo mphepo zamkuntho zikuchuluka. Pamenepa pali choonadi. Mphepo ya Arwen mu Novembala 2021 inasiya nyumba zina kumpoto kwa England ndi ku Scotland mumdima kwa masiku oposa asanu ndi awiri, ndipo ya Darragh mu Disembala 2024 inagwetsa mitengo ndi mawaya ku West Midlands komweko, mpaka munthu anafa mtengo utagwera galimoto yake ku Erdington. Koma amene amadikira nthawi yaitali kuti magetsi abwerere ndi a kumidzi ya ku Shropshire, Herefordshire ndi Worcestershire, kumene mawaya amayenda pamitengo kudutsa m'minda. Kwa iwo bokosi lolekanitsa nyumba lili ndi phindu lenileni, ndipo sindingawaletse. Chimodzimodzi nyumba imene muli wodwala wodalira makina opumira kapena mankhwala osungidwa m'firiji, kapena nkhalamba imene imadalira foni yam'nyumba, poti mafoni amenewa akusamutsidwira pa intaneti ndipo sagwira ntchito magetsi akazima. Mabanja otere ayambe ndi kulembetsa pa Priority Services Register, kaundula waulere amene amathandiza kuti kampani ya mawaya idziwe amene akufunika chithandizo msanga. Kwa ena onse a mumzinda, funso n'lakuti m'maola ochepawo mukufuna chiyani chikhalebe choyaka. Yankho nthawi zambiri ndi mababu angapo, mafoni, ndi kabokosi ka intaneti, ndipo batire laling'ono lonyamulika, la mapaundi mazana ochepa, limakwanitsa zimenezi popanda kuboola khoma. Boiler ya gasi nayo imafuna magetsi kuti ipope madzi otentha, koma poti imalumikizidwa mwachindunji ku mawaya a nyumba, kuidyetsa kuchokera ku batire ndi ntchito ya mmisiri wovomerezeka.

Kutsutsa kwina n'kumene ndimakuopa kwambiri, chifukwa kumachokera ku luso lenileni la kwathu. Munthu amati inverter ndi mabatire zili mbwee pa intaneti pa mtengo wotsika, ndipo pali mnzathu wa kumpingo wodziwa zamagetsi amene angalumikize Loweruka masana, monga timachitira ku Area 25 kapena ku Ndirande. Ku England ntchito yotere imagwera pansi pa Part P ya malamulo omangira nyumba, ndipo iyenera kuchitidwa kapena kuvomerezedwa ndi mmisiri wolembetsedwa ku mabungwe ngati NICEIC kapena NAPIT. Popanda mapepala amenewo kampani ya inshuwalansi ikhoza kuvuta moto ukabuka, ndipo pogulitsa nyumba loya wa wogula adzawafunsa. Koma chachikulu si mapepala. Mabatire a masiku ano ndi a lithiyamu, ambiri a mtundu wa LFP umene sugwira moto msanga ngati mitundu ina, komabe ukagwira umatulutsa utsi wakupha ndipo suzima wamba. N'chifukwa chake bungwe la BSI linatulutsa malangizo a PAS 63100 mu 2024, oletsa kuika batire m'chipinda chogona, m'denga, kapena m'njira imene anthu angathawire moto monga pamasitepe ndi m'kholido. M'nyumba zogundizana za ku Handsworth, Small Heath kapena Smethwick, momwe masitepe ndi amodzi okha ndipo khoma ndi limodzi ndi la oyandikana nawo, malo oyenera ndi ochepa: khoma lakunja la kuseri, kapena garaja ngati ilipo. Kunjako nako kuli vuto lake, poti lithiyamu sadzaza bwino kukazizira kufika poundana, choncho funsani ngati batirelo lili ndi chodzitenthetsera. Ngakhale pa ndalama, kudziikira nokha sikupulumutsa zambiri monga zimaonekera. Kuyambira 1 Febuluwale 2024 mpaka 31 Malichi 2027 boma linachotsa msonkho wa VAT pa mabatire a m'nyumba, koma mwayiwu umagwira pamene mmisiri wagulitsa ndi kuika yekha. Wogula katundu payekha m'sitolo amalipira 20 peresenti yonse.

Ambiri mwa abale athu kuno amakhala m'nyumba za lendi kapena m'mafulati a khonsolo, ndipo kwa iwo batire lokhomera kukhoma silingatheke popanda chilolezo cholembedwa cha mwini nyumba. Ngakhale chilolezo chitaperekedwa, chinthu chobweza ndalama zake patatha zaka khumi sichiyenera munthu amene angasamuke chaka chamawa. Kwa amene ali ndi nyumba yawoyawo ndipo masamu awakomera, pali zotchinjiriza zingapo zimene malamulo anapereka kale. Sankhani mmisiri wovomerezedwa ndi bungwe la MCS, amenenso ali membala wa RECC kapena HIES, mabungwe oteteza ogula, ndipo funsani ngati chikole chanu ndi lonjezo la ntchito yake zili ndi inshuwalansi, chifukwa makampani oika sola ndi mabatire amatsekedwa kawirikawiri lonjezo lawo lisanathe. Mukasaina pangano muli m'nyumba mwanu, malamulo a 2013 oteteza ogula amakupatsani masiku 14 oti musinthe maganizo. Ndipo mukalipira ngakhale gawo chabe la mtengo ndi khadi la ngongole, Section 75 ya Consumer Credit Act ya 1974 imamanga banki pamodzi ndi wogulitsa pa katundu wa mtengo wa pakati pa mapaundi 100 ndi 30,000. Pa pepala la mtengo pakhale polembedwa momveka kuti magetsi akazima ndi masoketi ati amene adzayake, adzapirira ma kW angati, ndipo kusinthako kudzachitika kokha kapena mudzachita kukatembenuza switchi ndi dzanja.