Kodi Mumadziwa? Zigoba Zomwe Zinakana Kupindika Ngati Zinzake

Kodi mumadziwa kuti m'nyanja zikuluzikulu zamchere munali nyama za zigoba zotchedwa amonaiti, abale ake a okutopasi, zomwe zinakhalako zaka zoposa 300 miliyoni? Zinatheratu zaka 66 miliyoni zapitazo, nthawi imodzi ndi madayinaso. Chatsala lero makamaka ndi zigoba zake, zomwe zinasanduka mwala.

Dzina lakuti amonaiti linachokera kwa Ammon, mulungu wa ku Iguputo wakale yemwe ankamujambula ali ndi nyanga za nkhosa yamphongo.

Kodi mumadziwa kuti si onse omwe ankapindika mothina? Amonaiti ambiri chigoba chawo chinkazungulira ngati bongololo ukamukhudza, mzere wina kutsamira pa unzake. Koma panali ena omwe mizere yawo sinkakhudzana n'komwe. Crioceratites, yemwe amapezeka kwambiri kummwera chakummawa kwa France, ali ndendende ngati koyilo ya udzudzu: mpata ukuonekera pakati ponse. Hamites wa m'dothi la ku Folkestone ku England anapindika ngati mbedza. Baculites anangoti njo ngati ndodo.

Nanga za Nipponites munamva? Ameneyu ndiye amandigwira mtima kuposa onse. Amapezeka ku Hokkaido m'dziko la Japan, ndipo ndi wokwana m'dzanja. Mukamuona koyamba mungati ndi chingwe chomwe mwana wachipiringiza n'kuchitaya. Katswiri wina, Hisakatsu Yabe, atamulemba m'mabuku a sayansi mu 1904, ambiri anati n'kanyama kodwala komwe chigoba chake chinangolakwika pokula. Koma kenako kunapezeka wina, ndi winanso, onse opiringizika mofanana. M'zaka za m'ma 1980, Takashi Okamoto anagwiritsa ntchito kompyuta n'kusonyeza kuti kupiringizikako kuli ndi dongosolo lake: chigoba chimakhotera uku, n'kubwerera uko, mobwerezabwereza, kuti mwini wakeyo asapendekeke poyandama m'madzi. Chomwe anthu ankachiyesa chilema chinali nzeru yokhalira m'nyanja. Lero ku Japan tsiku la 15 October ndi lokumbukira zamoyo zakale zosanduka mwala, ndipo analisankha polemekeza Nipponites yemweyu.

Pachilumba cha Seymour ku Antarctica kunapezeka amonaiti winanso wosathina, Diplomoceras maximum, wotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, wopindika ngati kawaya kopanira mapepala mu ofesi.

Kodi mumadziwa chifukwa chake otolera miyalayi amalimbirana yamtundu wosathinawu? N'kusowa kwa yathunthu. Chigoba chothina chimadzilimbitsa chokha, pomwe chotseguka chilibe potsamira. Mafunde akachigubuduza kapena matope akachipsinja, chimathyokathyoka. Chomwe chimapulumuka nthawi zambiri ndi chomwe chinakutidwa msanga ndi mwala wobulungira, wolimba gwa. Wouyeretsa amakhala pansi ndi kachitsulo kosongoka koyendera mpweya, kuchotsa mwalawo pang'onopang'ono, osati tsiku limodzi ayi. Pomwe chigoba chili ndi minga m'pamene pamafunika mtima wodekha: dzanja likangoterereka, munga womwe unakhala bwinobwino zaka 100 miliyoni wathyoka pomwepo.

Posowa chinthu, achinyengo sachedwa kulowapo. Pamsika pamapezeka amonaiti omatidwa kuchokera ku zidutswa za nyama zosiyana, ena osemedwa kumene pamwala wamba. Wogula wochenjera amayang'ana ngati nthiti za chigobacho zikutsatana bwino, komanso ngati mtundu wa mwala sunasinthe mwadzidzidzi. Khalidweli si lachilendo: ku Whitby ku England amalonda akale ankasema mutu wa njoka pa amonaiti, potsatira nthano yakuti Hilda Woyera anasandutsa njoka kukhala miyala.

Ndipo kodi mumadziwa kuti ku Africa kuno aliko? M'mphepete mwa nyanja ya St Lucia ku KwaZulu-Natal mumapezeka amonaiti ambiri, osathinawa ali momwemo. Koma musatole. Lamulo la South Africa la mu 1999 limati zoterezi ndi chuma cha dziko, ndipo kuzichotsa pamalo pake popanda chilolezo ndi mlandu. Ine ndimagwirizana nalo lamuloli, chifukwa amonaiti akachotsedwa popanda kulemba malo ndi mwala womwe anagonamo, katswiri sangathenso kudziwa bwino kuti nyamayo inakhala liti.