Kilarineti ya kaunjika: onani pakamwa musanalipire

Katundu wambiri wakunja wobwera mu Lilongwe amatsikira ku Kanengo, kumene kuli siteshoni ya sitima ndi malo osungira makontena. Pakati pa mabelo a kaunjika, njinga ndi mafiriji, nthawi zina mumapezekanso zida zoimbira zakale. Zina ndi mphatso za mipingo ndi sukulu, zina atumiza ndi abale a ku Joni kapena ku Mangalande.

Chimodzi mwa zidazi ndi kilarineti, chitoliro chakuda chija cha makiyi asiliva. Vuto ndi loti chida chakale chimatha kufika chopanda chapakamwa, chimene oimba amachitcha mouthpiece, kapena chilipo koma chobenthuka. Munthu amangoti kilarineti ndi kilarineti basi, n'kuitanitsa chapakamwa chilichonse kunja, ndalama yakunja ikusowa chonchi. Chikafika chikukana kulowa, kapena chalowa koma mawu ake ngati mbuzi yomangidwa pakhosi. Mwana wa ku Mgona kapena ku Area 25 amene amafuna kuphunzira amagwa ulesi, kuyesa kuti mbuli ndi iyeyo.

Abale anzanga, makilarineti ali ndi mitundu yawo. Wofala padziko lonse ndi wa Boehm, umene anaukonza ku Paris ndi Hyacinthe Klosé pamodzi ndi Louis-Auguste Buffet pakati pa 1839 ndi 1843. Kawirikawiri umakhala ndi makiyi 17 ndi mphete 6. Wachiwiri ndi wa Chijeremani, umene anaupititsa patsogolo ndi Oskar Oehler wa ku Berlin, ndipo mpaka lero ndi umene oimba ambiri a ku Germany ndi Austria amagwiritsa ntchito. Wachitatu ndi wa Albert, wochokera kwa Eugène Albert wa ku Brussels, umene oimba jazi akale a ku New Orleans ankaukonda zedi.

Nanga mungausiyanitse bwanji? Yang'anani makiyi amene amadindidwa ndi chala chaching'ono. Mukaonapo timagudumu tozungulira ngati ta pa sakisofoni, dziwani kuti ndi ya Chijeremani kapena ya Albert. Ya Boehm ilibe timagudumu timeneti, makiyi ake ndi osalala.

Chapakamwa cha Chijeremani ndi chowonda, ndipo kabango kake, kamene oimba amati ridi, nakonso n'kowonda. Ambiri amamanga kabangoka ndi chingwe osati kachitsulo ka masikuluwu. Pamalo polowera mu kamgolo ka pamwamba pa chidacho miyeso imasiyananso, ndiye mukasakaniza mitundu chimagwedera kapena kuthina. Chikathina musakakamize ayi, kamgolo kamtengo kamang'ambika ndipo kupeza kena kuno kwathu ndi ntchito. Chikagwedera, kukulunga ulusi kapena pepala kumangotseka mpweya, koma mawu amakhalabe osagwirizana ndi anzanu mu bandi, poti bowo la mkati silinafanane.

Ngakhale pakati pa za Boehm zokhazokha pali msampha. Kampani ya ku London ya Boosey & Hawkes inkapanga mtundu wotchedwa 1010 umene bowo lake ndi lalikulu, lopitirira mamilimita 15, pamene za ku France zambiri zili cha m'ma 14.6. Mukaikapo chapakamwa wamba cha ku France, nyimbo imatsetsereka. Iyi imafuna chapakamwa chakechake cha bowo lalikulu.

Msampha wina ndi zida zakalekale zolembedwa zilembo HP. Zimenezi zinapangidwa kuti ziziimba mawu okwera kuposa muyeso wa lero wa 440, monga ankachitira mabandi a asilikali a ku Britain mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Palibe chapakamwa chimene chingachiritse chida chotere kuti chigwirizane ndi kiyibodi ya kutchalitchi. Yolembedwa LP ndiye yabwino.

Onaninso msinkhu wa chida. Kilarineti wamba ya B flat ndi ya A zimabwerekana chapakamwa bwinobwino, koma kakang'ono ka E flat ndi chachikulu cha besi chilichonse chili ndi chake.

Tsono ngati yanu ndi ya Boehm ya B flat, mwayi ndi wanu poti zapakamwa zake ndi zosavuta kupeza. Ophunzira ambiri amayambira pa Yamaha 4C ndi kabango kofewa ka nambala 2 kapena 2.5, akakhwima n'kupita ku Vandoren 5RV kapena B45. Ngati ndi ya Chijeremani, uzani wokugulirani kuti afunse za German system, ndipo timabango takenso tikhale ta mtundu womwewo, monga Vandoren White Master.

Musanatumize ndalama, jambulani chidacho pafoni, makamaka makiyi ndi dzina lolembedwa pathupi pake, mutumizire wogulitsayo. Ngati n'kotheka kachionetseni kwa odziwa, kaya oimba a bandi ya polisi ndi asilikali, kaya aphunzitsi a nyimbo monga a Music Crossroads ku Area 23. Safunsa anadya phula.