Zomba, Mzinda Wakale wa Boma

Pa migodi ya ku Kitwe ndi m'makomboni a ku Ndola muli anthu ambiri amene makolo ao anacokera ku Malawi, dziko limene dzina lace lakale linali Nyasaland. Anthu otere akalandira chuti amathamangira kumudzi, nakhala komweko kufikira masiku atatha, nabwerera ku nchito osaona mzinda kumene kunacokera malamulo onse amene anagwira agogo ao: a msonkho, a ciphaso ca ulendo, ndi a nkhondo. Mzinda umenewo ndiwo Zomba. Unali likulu la dzikolo kuyambira 1891, pamene Harry Johnston anakhazika Boma lace pamenepo, kufikira 1975, pamene likulu linasamukira ku Lilongwe, monga momwe Livingstone anasiyira Lusaka ukulu wace m'caka ca 1935.

Ulendo wace ngwautali, ndipo munthu asauyese wa tsiku limodzi. Basi yocokera ku migodi ipyola Kapiri Mposhi ndi Kabwe kufika ku Lusaka. Kucoka apo mseu waukulu wa kum'mawa uoloka Luangwa, nufika ku Chipata ndi pa malire a Mwami. Tsidya lija pali Mchinji, Lilongwe, Dedza, Ntcheu ndi Balaka, ndipo pa Liwonde mlendo aoloka mtsinje wa Shire. Posacedwa phiri lalikulu liyamba kutseka thambo, ndipo Zomba ali patsinde pace.

Wofika koyamba acita bwino akazindikira cinthu cimodzi asanayambe kuyenda: mzinda uwu anaumanga monga makwerero. Pansi anaikapo msika ndi nyumba za anthu wamba. Pamwamba pang'ono masitolo a Amwenye. Pamwambanso bwalo la gofu ndi kalabu ya Azungu. Ndipo m'mitengo, m'mbali mwa phiri, maofesi a Boma ndi nyumba za akuluakulu. Munthu amene anakulira pa Nkana, nadziwa kusiyana kwa komboni ndi ku mayadi, sasowa womuuza tanthauzo lace. Cotero njira yabwino yoonera Zomba ndiyo kuyambira pansi ndi kukwera.

Pa msika palibe cifukwa cocedwera, kupatula kudya ndi kumvetsera. Pamveka Cinyanja, Ciyao ndi Cilomwe pamodzi. Pali mpunga wa ku madambo a Chilwa, matemba ouma, ndi mbatata ndi zipatso zotsika kuphiri.

Malo oyenera kuimapo nthawi ali ku mbali ya mseu wopita ku Blantyre, pafupi ndi kampu ya asilikari ya Cobbe. Pamenepo paima nsanja ya njerwa zofiira, yokhala ndi koloko pamwamba, cikumbutso ca asilikari a King's African Rifles amene anafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Anthu a dzikolo anaipatsa nkhondo imeneyo dzina la Ciwaya, potsata mfuti ija yolavula zipolopolo zosaleka. Mlendo awerenge maina olembedwa pamenepo mosafulumira, pakuti kapena adzapeza dzina la pfuko lace. Nkhondo yomweyo inathera m'dziko lino la Zambia: mkulu wa asilikari a Jeremani, von Lettow-Vorbeck, anamva za kutha kwace ali pa mtsinje wa Chambeshi, napereka zida zace ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala, pa 25 November 1918. Koma nsanjayo ndi ya asilikari. Amtengatenga, amene anasenza ufa ndi zipolopolo pamutu, anali pafupi 200,000 a ku Nyasaland kokha; ambiri anagwa m'njira ndi njala ndi nthenda, ndipo manda ao sadziwika.

Pafupi pomwepo pali ndende yaikuru ya Zomba, yomangidwa m'caka ca 1935. Si malo acisangalatso, ndipo mlendo angoiona podutsa. Koma adziwe kuti Orton Chirwa, mmodzi wa oyambitsa cipani ca Malawi Congress, anafera m'menemo m'caka ca 1992. Pa ndende, pa kampu ndi pa nyumba ya Mtsogoleri wa dziko, munthu wanzeru satulutsa kamera kapena foni asanapemphe.

Pokwera kumka ku maofesi akale mphepo iyamba kuzizira. Nyumba yoyamba kuifuna ndiyo ija inamangidwa ndi John Buchanan m'caka ca 1886, imene Johnston anadzakhalamo pambuyo pace. Anthu aidziwa ndi dzina la Masongola, cifukwa ca nsanja zace ziwiri zosongoka. Wolamulira dziko masiku amenewo anali kumuchula Bwanamkubwa, dzina limene a ku Ndola alidziwa bwino cifukwa ca mgodi wao wakale. Pambali pace pali munda wa mitengo ya mitundumitundu, umene mtsinje wa Mulunguzi upyola pakati pace. Ndi malo abwino opumulirapo masana. Pamtunda womwewo pali Nyumba ya Malamulo yakale. Anthu akuda anakhala aphungu koyamba m'caka ca 1949. M'nyumbayo, mwezi wa September 1964, miyezi iwiri yokha dziko litalandira ufulu, munabuka mkangano waukulu pakati pa Dr Banda ndi nduna zace, monga Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume. Aphungu anapitiriza kusonkhana ku Zomba kufikira 1994, angakhale likulu linali litacoka kale.

Ku Zomba kulinso nyumba yosungiramo makalata akale a Boma. Ambiri a makalata oyamba anapsa ndi moto umene unagwira ofesi yaikuru m'caka ca 1919, koma otsalawo ndi ocuruka, ndipo mwa iwo muli mbiri ya amuna amene anacoka kwao kukafuna nchito ku Joni, ku Harare ndi ku migodi ino.

Tsiku laciwiri likhale la phiri, ndipo likhale lathunthu. Tauni ya Zomba ili pansi kuposa Kitwe, cinkana maso sabvomera. Koma nsonga ya phiri, dzina lace Malumbe, ipitirira mamita 2,000, ndiko kuti iposa tauniyo ndi mamita oposa 1,000. Munthu wa ku Nkana atsika mtunda wotere m'cikepe m'mphindi zocepa. Kuno adzaukwera ndi miyendo yace. Pali mseu wokhotakhota wa galimoto, ndipo pali njira ya mapazi imene alimi atsikira ndi mbatata zao. Njira ya mapaziyo ndiyo yokoma, koma munthu alawire m'mamawa, natenge madzi ndi cobvala cotentha. M'njiramo adzakomana ndi akazi osenza mitolo ya nkhuni ndi amuna osenza matabwa, ndipo adzaona yekha mbali zina za phiri zimene zatsala zopanda mitengo.

Pamwamba pali dziko lina: nkhalango za paini, timitsinje tozizira, mathithi a Williams, ndi dziwe la Mulunguzi kumene mzinda wonse umwa. Ana agulitsa zipatso zofiira za m'phiri ndi magalagadeya m'mbali mwa mseu. Pali anyamata operekeza alendo, ndipo nkwabwino kupangana nao mtengo ulendo usanayambe, pakuti njira za m'nkhalango zifanana, ndipo nkhungu ikagwa munthu asokera msanga.

Pa phompho la kum'mawa pali malo awiri oyandikana oonerapo dziko. Ena akumbutsa amai ace a Mfumukazi Elizabeth, amene anafika m'caka ca 1957; ena akumbutsa Haile Selassie wa ku Ethiopia, amene anaimapo m'caka ca 1965. Kucokera pamenepo cigwa conse ca Phalombe cioneka ngati mphasa, nyanja ya Chilwa ing'anima, ndi phiri la Mulanje liima patali. Nyumba zija za akuluakulu, zimene dzulo zinali pamwamba pa onse, zioneka ngati timabokosi ta macesi. Ku mbali ya kumadzulo kuli dzenje la Chingwe, lobisika m'zitsamba. Okalamba asimba kuti mafumu akale anali kuponyamo adani ao, ena ati odwala khate. Koma cokopa ceniceni pamenepo ndico cigwa ca Shire cimene citambalala pansi pa phompho.

Nyengo yabwino ndi kuyambira May kufikira August, thambo likali loyera, cinkana m'June ndi July ciperoni cibwera ndi mame ozizira. Pofika October utsi wa moto wa m'chire ubisa zonse zakutali. M'dzinja phirili liopsa. M'December 1946 mvula yaikuru inagwa masiku otsatana, ndipo madzi, matope ndi miyala zinatsika, zinagumula milatho, niziphanso anthu. Eni dziko anati Napolo, cinjoka ca pansi pa phiri, wasamuka kumka kunyanja. Ndipo nyimbo ya dzina lomwelo, imene anayimba abale a Paseli, inafika kutali pa wailesi ndi pa magalamafoni.

Amene watsala ndi tsiku lacitatu atsike ku Kachulu, pa gombe la Chilwa, kumene mabwato anyamuka kumka ku cisumbu ca Chisi. Nyanja iyi ilibe mtsinje woturuka, ndi yosaya, ndipo iphwa mvula ikasowa, monga inacitira m'zaka za 1968, 1995 ndi 2018. Cifukwa cace mlendo ayambe wafunsa kwa ogulitsa matemba pa msika ngati madzi alipo, asanalipire galimoto.