Mphepo ya kuphiri imapha munthu wonyowa ndi wotopa

Mwezi wa June ukafika, anthu a kudambo la Nhartanda mumzinda wa Tete amayamba kudandaula kuti kwazizira. Amayi othirira kabichi ndi tomato m'madimba a m'dambomo amalawirira atafunda chitenje chachiwiri, ndipo anyamata a njinga zamoto amavala zijasi za pakaunjika, chonsecho choyezera kutentha chili pa madigiri 15 kapena 16. Dzuwa likangokwera pang'ono, zijasi zonse zija zimavulidwa. Kuzizira komwe mwana wokulira m'mphepete mwa Zambezi amakudziwa n'komweku basi. Chomwe amachidziwa bwino ndi ng'amba ya October ndi November, pomwe kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo palibe angamuphunzitse kufunafuna mthunzi kapena kunyamula madzi akumwa.

Koma munthu yemweyu sakhalira pa Nhartanda moyo wake wonse. Amakwera pamwamba pa lole kupita ku Angónia ndi ku Tsangano kukapikula kachewere. Amapita ndi ampingo kuphiri kukachezera m'mapemphero, nthawi zina akusala kudya. Achinyamata masiku ano atengeka ndi zokwera mapiri, ena mpaka kuwoloka pa Zóbuè kukafika ku Mulanje. Onsewa amanyamuka ndi nzeru za kumalo otentha, ndipo nzeru zimenezo kumtunda sizikwanira.

Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 ndi theka pa mamita 1,000 aliwonse amene munthu wakwera. Mzinda wa Tete uli m'chigwa, sufika n'komwe mamita 200 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Ulónguè ali pamtunda wopyola mamita 1,200, phiri la Dómuè lipyola 2,000, ndipo Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje, ili pa mamita 3,002. Ndiye kuti m'mawa womwe mayi wa ku Nhartanda akuthirira ndiwo pa madigiri 16, pa Sapitwa madzi akhoza kukhala ataundana m'maenje a m'miyala. Chipale chofewa chonga cha ku Ulaya kuno kulibe, koma chisanu chowaula udzu, nkhungu, mvula yowaza ndi mphepo yamkuntho zilipo, ndipo n'zokwana kuchotsa moyo.

Mu July 2009, Gabriel Buchmann, mnyamata wa zaka 28 wa ku Brazil yemwe anaphunzira zachuma, anafika ku Mulanje atayendayenda pafupifupi chaka m'maiko a ku Asia ndi ku Africa. Sanali mlendo pa zokwera mapiri, pakuti anali atafika kale pamwamba pa Kilimanjaro. Pa 17 July anasiya womuperekeza n'kulunjika yekha ku Sapitwa, poganiza kuti apita n'kubwerera tsiku lomwelo. Nyengo inasintha. Anthu a m'midzi yozungulira pamodzi ndi opulumutsa ochokera kunja anamufunafuna kwa masabata, mpaka thupi lake linapezeka pa 5 August. Chinamupha ndi kuzizira. Nkhani yake inajambulidwa mufilimu ya Fellipe Barbosa ya mu 2017, Gabriel e a Montanha. Pafupifupi zaka zisanu ndi chimodzi Buchmann asanamwalire, mu September 2003, mtsikana wina wa ku Netherlands anasowa pa njira yomweyo atapitanso yekha.

Akuluakulu a ku Mulanje amati phirilo lili ndi eni ake, mizimu, ndipo munthu salowamo mwachibwana. Ulemu umenewu ine ndimauona kuti wasunga miyoyo yambiri, chifukwa munthu woopa phiri sayenda yekha ndiponso sakakamira ulendo mitambo ikatseka. Popeza bungwe la UNESCO linaika Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu July 2025, alendo azichuluka, ndipo ambiri a iwo adzabwera opanda mantha amenewa.

Nyengo yomwe imasokoneza anthu kumeneko ndi chiperoni. Pakati pa May ndi August, mphepo yachinyezi yochokera kunyanja ya Indian imalowa kuchokera kum'mwera chakum'mawa, mbali ya phiri la Chiperone m'chigawo cha Zambézia. Ikagunda mapiri imakwera, n'kuzizira, n'kusanduka nkhungu ndi kamvula kowaza komwe kamatha masiku angapo. Munthu amanyamuka kumwamba kuli mbee, koma pofika masana sakuthanso kuona mnzake amene ali mamita khumi patsogolo pake. Kamvulako sikamveka ngati koopsa. Sikachita mkokomo padenga, sikadzaza mitsinje, kamangolowerera pang'onopang'ono mpaka malaya amkati. Miyala yosalala ya ku Sapitwa imayamba kuterera, zizindikiro zopakidwa pamiyala sizionekanso, ndipo dzuwa la m'miyezi imeneyi limalowa 6 koloko isanakwane.

Mkati mwa thupi la munthu mumafunika kukhala madigiri 37. Kutenthako kukatsika pansi pa 35, madokotala amati munthuyo ali ndi hypothermia. Ambiri amaganiza kuti izi zimachitika pokhapokha madzi akaundana, koma ayi. Anthu amafa nazo ngakhale kunja kuli madigiri 5 kapena 8, malinga ngati anyowa, ali pamphepo ndipo atopa.

Madzi amachotsa kutentha m'thupi mwachangu kuposa mpweya maulendo pafupifupi 25. Komanso madzi akamauma amapita ndi kutentha. Aliyense wa ku Tete amadziwa chifukwa chake madzi a mumtsuko amakhala ozizira ngakhale mu October: mtsuko umachita thukuta, kamphepo n'kumaumitsa thukutalo, madzi am'kati n'kumazizira. Munthu wovala malaya onyowa pamwamba pa phiri zimamuchitikira chimodzimodzi, ndipo sipafunika mvula, thukuta la pachitunda ndi lokwanira. Ukukwera umamva kutentha, umavula juzi, malaya a thonje n'kunyowa chonyoweratu. Ukangoima pamwamba kuti upume kapena ujambule chithunzi, mphepo imayamba ntchito yake. Thonje ndi jinzi zimasunga madzi ndipo zimachedwa kuuma, n'chifukwa chake si zovala za kuphiri.

Mphepo payokha imachotsa kampweya kofunda komwe kamakhala pakhungu. Pa madigiri 5, mphepo ya makilomita 40 pa ola imaziziritsa khungu ngati kuti kunja kuli pansi pa ziro. Wokwera njinga yamoto m'bandakucha pa msewu wa ku Ulónguè, pa madigiri 10 ndi liwiro la makilomita 60, thupi lake limamva ngati madigiri 5, ndipo amene wakhala pamwamba pa matumba a kachewere usiku wonse ali m'vuto lomweli ngakhale sanakwere phiri ndi miyendo. Mphepo ikafika makilomita 60 kapena 70 pa ola, kuyenda kumene kumavuta, ndipo pamwala woterera ikhoza kumugwetsa munthu wamkulu.

Kulimba thupi sikuteteza. Pa 22 May 2021, m'chigawo cha Gansu ku China, othamanga 21 anafa pa mpikisano wa makilomita 100 wa m'mapiri, matalala, mvula yozizira ndi chimphepo zitawapeza atavala makabudula ndi timalaya topyapyala. Ena mwa iwo anali akatswiri odziwika m'dzikolo.

Thupi likayamba kuzizira limadziteteza ndi kunjenjemera, komwe ndi minofu kugwira ntchito kuti ipange kutentha. Ntchito imeneyi imafuna chakudya. Apa ndi pomwe ndimadera nkhawa abale athu opita kuphiri kukasala kudya. Munthu amene sanadye masiku awiri, wagwada pamwala wozizira usiku wonse atavala yunifolomu ya mpingo yokha, alibe mphamvu yonjenjemera nthawi yaitali. Ana ndi okalamba nawonso amazizidwa msanga kuposa ena onse. Palibe akuletsa mapemphero. Koma mtsogoleri wa gulu lotere ali ndi udindo woonetsetsa kuti pali zofunda, chokhalira chouma ndi tiyi wa shuga wopatsa amene wafooka, ndiponso kuti ana asatengedwe mu June ndi July.

Choopsa kwambiri n'chakuti kuzizira kumayamba kugwira ubongo, kotero wodwalayo sadzizindikira. Anzake ndi amene ayenera kuona. Zala zimakanika kumanga zingwe za nsapato kapena kutseka zipi. Munthu wolongolola amangoti zii, kapena amayamba kukwiya popanda chifukwa. Amapunthwa pafupipafupi, amatsalira m'mbuyo, mawu amatuluka ngati a woledzera. Ukamufunsa amati: "Ndili bwinobwino, tsogolani, ndingopuma pang'ono." Munthu wotero sasiyidwa yekha ngakhale kwa mphindi zochepa. Kutentha kwa m'thupi kukatsika cha m'ma 32 kupita pansi, kunjenjemera kumatha, ndipo osadziwa amasangalala kuti wayamba kupeza bwino, pamene zinthu zafika poipa. Ena pamenepa amamva ngati akutenthedwa n'kuyamba kuvula zovala. Pansi pa 28, munthu amakomoka ndipo mtima ukhoza kuima.

Chochita choyamba ndi kumuchotsa pamphepo, kaya ndi kuseri kwa mwala, kuphanga kapena m'nyumba. Muvuleni zonyowa, mumuveke zouma, mufunditseni mpaka kumutu, ndipo pamwamba pa zofundazo mukulunge pulasitiki kuti mphepo isalowe. Asagone padothi kapena pamwala. Yalani udzu, zikwama kapena makatoni, chifukwa nthaka imakoka kutentha kwambiri. Funditsani chifuwa, m'khwapa ndi msana poyamba, ndi botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsalu kapena ndi thupi la mnzake. Ngati ali maso ndipo akutha kumeza, mupatseni tiyi kapena phala la shuga. Amene wasokonezeka mutu kapena wakomoka musamumwetse kanthu, musamuyendetse, munyamuleni chogona komanso mosamala, pakuti kumugwedeza kukhoza kusokoneza mtima. Musamutikite manja ndi miyendo. Ndipo ngakhale akuoneka ngati watha, thamangirani naye kuchipatala, chifukwa munthu wozizidwa kwambiri amapuma pang'ono zedi moti mukhoza kumulira akadali moyo.

Kachasu ayi. Mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, magazi ofunda n'kuthamangira kunja. Munthu amamva kufunda kwa kanthawi pamene mkati akuzizirirabe, kuwonjezera apo nzeru zoganizira njira zimachepa. Chinanso choyenera kupewa ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka. Makala amatulutsa mpweya wa poizoni wosaoneka ndi wosanunkha, ndipo umapha anthu ali m'tulo.

Kukonzekera sikulira ndalama zambiri. Pakaunjika pamapezeka majuzi a ubweya, chipewa chofunda, magolovesi ndi jekete losalowa madzi. Kuvala zovala zopyapyala zingapo kumaposa chijasi chimodzi chokhuthala, chifukwa umatha kuvula ukamakwera n'kuvalanso ukangoima, usanayambe kumva kuzizira. Zovala zosinthira zikhale m'jumbo yomanga bwino mkati mwa chikwama, pamodzi ndi tochi, machesi, mtedza, nthochi ndi mbatata yophika. Foni musaidalire, batire imatha msanga pozizira ndipo m'makwawa netiweki imasowa. Mverani zanyengo musananyamuke, ku Mozambique kuchokera ku bungwe la zanyengo la INAM, ku Malawi kuchokera ku nthambi yoona zanyengo. Ku Mulanje lembetsani ku ofesi ya zankhalango ku Likhubula, tengani woperekeza, ndipo konzani zogona m'nyumba za paphiri monga Chambe, Thuchila kapena Chisepo, yomwe ili m'munsi mwa Sapitwa. M'mawa kukachita chisanu, dikirani dzuwa liumitse miyala, chifukwa kamadzi koundana pamwala sikaoneka ndipo nsapato wamba sizigwira. Panganani nthawi yobwerera musanayambe ulendo, ndipo ikakwana bwererani ngakhale nsonga ikuonekera pafupi.

Amene amadutsa pa Tete kulowera ku Joni adziwenso kuti kumeneko chipale chofewa chenicheni chimagwa. Pa 10 July 2023 chinagwa mu Johannesburg momwe. Mu September 2024 chinatseka msewu wa N3 pakati pa Johannesburg ndi Durban, cha ku Van Reenen, magalimoto n'kugona pamsewu, ndipo mayi wina yemwe anali mu minibasi anamwalira ndi kuzizira. Zikakupezani zotere, khalani m'galimoto, khalani mothithikana, fundani chilichonse chomwe muli nacho. Bulangete lizikhala m'manja, osati m'chikwama chomwe chili kunsi kwa basi.

Kwa inu aphunzitsi otsogolera ana asukulu, abusa, atsogoleri a magulu a achinyamata ndi eni malole onyamula anthu pamwamba pa katundu: musananyamuke pa Tete m'miyezi ya May mpaka August kupita kumtunda, tsegulani chikwama cha aliyense muone ngati muli chovala chouma chosinthira, chofunda ndi chakudya. Amene alibe, mubwerekeni kapena atsale.