Maakaunti ndi Zilolezo mu Database: Ndani Angachite Chiyani

Database iliyonse, kaya ndi PostgreSQL, MySQL, Oracle kapena SQL Server, imafunsa mafunso awiri kwa munthu amene akufuna kuigwiritsa ntchito. Loyamba ndi lakuti ndiwe yani, lachiwiri ndi lakuti waloledwa kuchita chiyani. Anthu ambiri amadziwa loyambalo chifukwa amakumana nalo m'mawa uliwonse akamalemba dzina ndi pasiwedi. Koma ntchito yaikulu ya woyang'anira database, amene anzake amangomutchula kuti DBA, yagona pa lachiwirilo.

Funso loyamba limayankhidwa ndi akaunti. Mu MySQL akaunti ndi dzina pamodzi ndi kompyuta imene munthu akulowera, moti 'kalaliki'@'localhost' ndi 'kalaliki'@'%' ndi maakaunti awiri osiyana. Yoyambayo imalowa pokhapokha munthu ali pa seva pomwepo, pamene yachiwiriyo imalowa kuchokera kulikonse kumene netiweki ikufika. PostgreSQL imasunga malamulo ngati amenewa mu fayilo ya pg_hba.conf. Imawerenga mzere ndi mzere kuchokera pamwamba, ndipo mzere woyamba wogwirizana ndi wolowayo ndi umene umagwira ntchito. Mzere wokhala ndi mawu akuti trust umalowetsa munthu osamufunsa pasiwedi n'komwe. Amauika poyeserera pulogalamu, kenako n'kuuiwala. Pasiwedi yeniyeniyo siisungidwa momwe mwiniwake anailembera: imasandutsidwa zilembo zosabwezeka, ndipo PostgreSQL inabweretsa njira yolimba ya SCRAM-SHA-256 mu 2017.

Database ikangoikidwa pa seva imabwera ndi akaunti yamphamvu zonse: root mu MySQL, postgres mu PostgreSQL, sa mu SQL Server, SYS ndi SYSTEM mu Oracle. Mayina amenewa amadziwika ndi aliyense, akuba omwe. Mu 2002 kachilombo ka pakompyuta kotchedwa Spida kanafalikira posakasaka maseva a SQL Server amene akaunti ya sa inalibe pasiwedi. Kumayambiriro kwa 2017 ma database zikwizikwi a MongoDB amene anasiyidwa pa intaneti opanda pasiwedi anafufutidwa, ndipo eni ake anapeza uthenga wofuna dipo la Bitcoin. Pa nkhani ziwiri zonsezi akubawo sanathyole chilichonse, anangopeza posatseka.

Funso lachiwiri limayankhidwa ndi malamulo awiri a chinenero cha SQL, GRANT wopereka chilolezo ndi REVOKE wochilanda. Maziko ake anafotokozedwa mu 1976 ndi Patricia Griffiths ndi Bradford Wade, amene ankagwira ntchito pa database yotchedwa System R ku IBM. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu 1975, Jerome Saltzer ndi Michael Schroeder analemba mfundo imene ikutsatidwabe mpaka lero, yakuti munthu kapena pulogalamu ipatsidwe mphamvu zochepa zokwanira ntchito yake basi.

Taganizirani bungwe lobwereketsa ndalama lomwe lili ndi tebulo la malipiro. Kalaliki wa pawindo amafunika kuona zimene kasitomala walipira kale ndi kulowetsa zimene wabwera nazo lero. DBA amalemba kuti GRANT SELECT, INSERT ON malipiro TO kalaliki. Mawu akuti UPDATE ndi DELETE palibepo, ndipo wawasiya dala. Kalalikiyo akalakwitsa n'kulemba K50,000 m'malo mwa K5,000, sangathe kufufuta mzerewo. Alowetse mzere wina wokonza, kapena apite kwa amanejala amene ali ndi mphamvu yosintha. Makalaliki amadandaula kuti zimenezi zimachedwetsa ntchito, ndipo akunena zoona. Koma kalaliki amene angathe kufufuta cholakwa angathenso kufufuta malipiro enieni n'kuika ndalamazo m'thumba, ndipo database siisiyanitsa ziwirizi.

Zilolezo zingathe kuchepetsedwa kuposa apa. Mu tebulo la antchito, mlembi angaloledwe kuona mayina ndi manambala a foni koma osaona malipiro a pamwezi. Izi zimatheka popereka chilolezo pa mizati ina yokha, kapena popanga view yoonetsa mbali yofunikayo. Kuyambira mu 2016 PostgreSQL imathanso kuchita izi pa mizere, kuti wa nthambi ina asaone makasitomala a nthambi inzake.

Antchito akachuluka, kupatsa aliyense zilolezo payekhapayekha kumabweretsa chisokonezo. Njira yabwino ndi kupanga role, gulu la zilolezo lomangidwa pa udindo. Pamakhala role ya makalaliki, ya owerengera ndalama, ya ofufuza mabuku, ndipo munthu akalembedwa ntchito amangoikidwa mu role yake. PostgreSQL inaphatikiza maakaunti ndi magulu kukhala ma role mu 2005. MySQL inachedwa, inadzawabweretsa mu 2018. Chovuta chimabwera munthu akasinthidwa ntchito. Amapatsidwa role yatsopano tsiku lomwelo chifukwa akufuna kuyamba ntchito, koma yakale imatsala chifukwa palibe amene amapita kwa DBA kukadandaula kuti ali ndi mphamvu zambiri. Pakatha zaka, munthu mmodzi amapezeka kuti angathe kulowetsa malipiro, kuwavomereza ndi kuwafufuta.

Mawu oti WITH GRANT OPTION nawonso amafuna kusamala. Amalola wolandira chilolezo kuchipereka kwa ena. DBA akadzafuna kuchilanda, ayenera kutsatira onse amene anachilandira kudzera mwa munthuyo, ndipo mu PostgreSQL lamulo la REVOKE limakana mpaka atawonjezera mawu akuti CASCADE.

Maakaunti ena si a anthu. Webusaiti ndi pulogalamu ya pafoni zimalowa mu database ndi akaunti yakeyake, ndipo olemba mapulogalamu akakhala pa changu amangoipatsa root kuti zinthu ziyende. Ndiye wakuba akapeza mpata wolowetsa malamulo ake a SQL kudzera pa bokosi lofufuzira, amagwiritsa ntchito mphamvu za akauntiyo. Ngati ingathe kungowerenga matebulo awiri, amaba za m'matebulo awiriwo. Ngati ndi root, watenga zonse.

Cholakwa chofala kwambiri m'maofesi ndi akaunti yogawana, ija pasiwedi yake imamatidwa pa kapepala pansi pa kiyibodi. Mutu umodzi susenza denga, koma akaunti imodzi isasenzedwe ndi mitu yambiri. Database ingathe kulemba aliyense amene walowa, nthawi yake ndi zimene wachita. Oracle ndi SQL Server zili ndi njira zakezake, ndipo PostgreSQL ili ndi pgAudit. Kaundula ameneyu amatha ntchito ngati anthu asanu ndi awiri akulowa ndi dzina limodzi, pakuti aliyense amangoti si ine. Ayeneranso kusungidwa pa seva ina kumene ngakhale DBA sangathe kumusintha. Pa nkhani ya Cashgate ya mu 2013, ofufuza a Baker Tilly anapeza kuti malipiro abodza ankalowetsedwa mu IFMIS, makina osungira za chuma cha boma la Malawi, macheke n'kutuluka, kenako zolembazo n'kufufutidwa. Ndalama zimene zinatayika zinali mabiliyoni a kwacha.

Munthu akasiya ntchito, akaunti yake itsekedwe tsiku lomwelo. Kutseka n'kwabwino kuposa kufufuta, chifukwa matebulo amene anapanga amafunika apatsidwe mwini wina kaye, ndipo dzina lake limafunikabe mu kaundula. Zimenezi zimayenda pokhapokha a ofesi yoona za antchito akamauza DBA msanga. Bungwe losamala limasindikiza mndandanda wa maakaunti onse ndi ma role awo pakapita miyezi ingapo, n'kupatsa mkulu wa dipatimenti iliyonse kuti asayinire dzina lililonse. Ku Malawi, lamulo la Data Protection Act la 2024 likulamula mabungwe osunga zokhudza anthu kuti aziziteteza, ndipo woona kuti lamuloli likutsatidwa ndi MACRA.