Kaduwa Kofiira ka Mwezi wa November

Mwezi wa November ukafika, inu muli kalikiriki kumaliza mizere poyembekeza mvula yoyamba. Koma mukapita ku Zomba kapena ku Blantyre masiku amenewo, mudzaona asilikali, apolisi ndi akuluakulu a Boma atabaya kaduwa kofiira pachifuwa. Musayese kuti ndi kudzikongoletsa ai. Monga inu muika masamba pa mseu kuti odutsa adziwe kuti pamudzi pagwa zobvuta, kaduwaka nakonso ndi chizindikiro cha maliro. Dzina lake pa Chingerezi ndi poppy.

Duwali silimera m'minda mwathu muno. Kwao ndi ku Ulaya, kumene limera ngati udzu m'minda ya tirigu. Inu alimi mudziwa bwino kuti mukagaula nthaka yogonera, chisoso ndi bonongwe zibuka zokha popanda wofesa. Poppy ndi chimodzimodzi: njere zake zigona m'nthaka zaka zambiri kufikira wina ataitembenuza. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, mizinga inatembenuza nthaka ya ku Flanders m'dziko la Belgium, mitengo inatha psiti, koma pakati pa manda a asilikali panamera maluwa ofiira a mbee. Dotolo wina wa ku Canada, John McCrae, ataika m'manda bwenzi lake mu 1915, analemba ndakatulo yonena za maluwawo, ndipo inafala ponseponse. M'chaka cha 1921 bungwe la British Legion linayamba kugulitsa maluwa opanga, kuti ndalama zake zithandize opunduka ku nkhondo ndi akazi amasiye.

Tsono wina adzafunsa kuti, "Nanga ife a ku Phalombe zitikhudza bwanji za ku Belgium?" Funso labwino ndithu. Koma nkhondo ija sinathere ku Ulaya. M'mwezi wa September 1914 Ajeremani anathira nkhondo ku Karonga. Ndipo pa 30 August 1918 asilikali a K.A.R. ochokera m'dziko lino anamenyana ndi gulu la von Lettow-Vorbeck pa Lioma, m'dziko la Alomwe, kutsidya kwa malire ndi Mozambique chakum'mawa kwa Nyanja ya Chilwa. Kumeneko si kutali ndi kwanu. Amuna a kuno pafupifupi 19,000 anagwira mfuti, ndipo ena pafupifupi 200,000 anagwira nchito ya tengatenga, kusenza chakudya ndi zipolopolo pamutu. Ambiri anawalemba mokakamiza. Amtengatengawa anafa ndi njala, kamwazi ndi chimfine choopsa cha mu 1918, naikidwa m'mbali mwa njira popanda mtanda kapena dzina. Ife tiganiza kuti ngati pali anthu oyenera duwa, oyamba ndi amenewa, pakuti alibe manda oti mbumba yao ikasese.

Pa nkhondo yachiwiri ya 1939 mpaka 1945 anyamata athu anafika ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma. Ndipo nkhaniyi si yakale yokha. Mu November 2018 asilikali athu asanu ndi mmodzi anaphedwa ku Congo pa nchito yosungitsa mtendere. Mmodzi wa iwo, Chancy Chitete, anafa populumutsa mnzake wa ku Tanzania wobvulala, ndipo bungwe la United Nations linampatsa mendulo ya ulemu mu 2019.

Za mtundu wa duwali, anthu ambiri amati kufiira kwake ndi mwazi wokhetsedwa, ndipo kadontho kakuda ka pakati ndi chisoni cha otsala. Eni ake amene anayamba kugulitsa amati kufiirako ndi chibadwa chabe cha duwalo. Komabe kwa ife tanthauzo la mwazi silibvuta kumva, popeza kufiira kwa pa mbendera yathu kukumbutsanso mwazi wa amene anafera dziko lino. Ku France sabvala lofiira, abvala duwa lobiriwira ngati thambo. Amai ena a ku England anayamba mu 1933 kubvala loyera, kutanthauza kuti nkhondo isadzabwerenso. Ndipo kuyambira mu 2010 kuli lakuda, lokumbukira anthu akuda amene mabuku a nkhondo anawaiwala.

Mfuti zinaleka kulira ku Ulaya pa 11 November 1918, nthawi ya 11 koloko m'mawa. Nchifukwa chake Lamulungu lachiwiri la November akuluakulu aika nkhata za maluwa ofiira pa nsanja ya chikumbutso ya K.A.R. ku Zomba, ndiponso ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Lipenga likalira, anthu onse akhala chete mphindi ziwiri. Ndalama za maluwa ogulitsidwa masiku amenewo zithandiza asilikali akale, monga nkhalamba zosungidwa m'nyumba zao ku Zomba. Mwambowu umamveka pa wailesi. Ngati m'banja mwanu muli gogo amene anapita ku tengatenga osabwerera, itanani ana pa nthawi imeneyo, muwauze dzina lake.