Kudziikira Wekha Kapena Kuitana Mmisiri: Makina Oziziritsa M'nyumba ku Thyolo

Munthu wochokera ku Limbe akadutsa pa Bvumbwe n'kuyamba kuona minda ya tiyi itayalana ngati mphasa yobiriwira, sangaganize kuti kuno kungapezeke wina wofuna makina oziziritsa m'nyumba. Thyolo ndi dziko lokwera, ndipo m'miyezi ya June ndi July, pamene chiperoni chaphimba phiri, othyola tiyi amalawirira kumunda atadzikulunga nsalu mano akugwedezeka. Nawo azungu amene adatsegula maesiteti, monga wa Satemwa umene udayamba m'chaka cha 1923, sadafune makina otere. Iwo adamanga nyumba za makoma ochindikala, madenga ataliatali ndi makhonde otakata, nazizinga ndi mitengo ya mthunzi.

Koma nyumba zambiri za masiku ano n'zamalata otsika, ndipo m'miyezi ya October ndi November, mvula isanagwe, chipinda chotere chimasanduka ng'anjo. Muli maofesi okhala ndi makompyuta, zipinda zosungira mankhwala, malo ogona alendo ndiponso masitolo a pa boma ndi pa Luchenza. Eni ake ena ayamba kugula makina amene ambiri amangowatchula kuti eyakoni, makamaka a mtundu wa zigawo ziwiri, china chokhala m'kati pakhoma, china panja. Akafika nawo kunyumba, funso limene limawasowetsa tulo n'lakuti: kodi n'kofunikadi kulipira mmisiri wochokera ku Limbe kapena ku Blantyre, pamodzi ndi ndalama ya ulendo wake, pamene m'katoni muli kabuku ka malangizo ndipo pa foni pali makanema osonyeza kaikidwe kake?

Funsoli si lachibwana. Makinawa amachokera kunja, ndipo chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa katundu aliyense wakunja udakwera koopsa. Wogula ali ndi chifukwa chomveka chofunira kupulumutsa ndalama. Koma chifukwa chomwecho chikutanthauzanso kuti makinawo akafa, kugula ena n'kowawa kuposa kale.

M'mene makinawa amagwirira ntchito

Aliyense amene adamwapo madzi a mumtsuko akudziwa kale chinsinsi chake. Madzi amene amatuluka thukuta kunja kwa mtsuko akamauma, amatenga kutentha kwa madzi a m'kati n'kupita nako. Eyakoni imachita zomwezo, koma m'malo mwa madzi imagwiritsa ntchito gasi wapadera amene amawira ngakhale pamalo pozizira kwambiri. Gasi wa mtundu wa R-32 ndi wa R-410A, amene amapezeka m'makina ambiri atsopano, akakhala pa mtetete amawira pa madigiri oposa 50 pansi pa ziro.

M'chigawo cha m'nyumba, gasiyo amafika ali wamadzimadzi, ndipo pouma amayamwa kutentha kwa chipinda. Kenaka amadutsa m'paipi ya kopa kupita panja, kumene kompuresa imamufinya mpaka atatentha kwambiri, chokupizira mphepo n'kumwaza kutenthako pabwalo. Akazizira amasandukanso wamadzimadzi nabwerera m'nyumba kudzera m'paipi yachiwiri. Choncho makinawa sapanga kuzizira ayi. Amangosenza kutentha kuchoka m'kati kukakutula panja. Ena a iwo amatha kutembenuza ulendowu n'kufunditsa chipinda, chinthu chimene munthu wa ku Thyolo ayenera kufunsa pogula, pakuti kuno June amavuta ngati October.

Amene amatchuka kuti adayambitsa makina a mtundu wamakono ndi Willis Carrier wa ku America, m'chaka cha 1902, ndipo cholinga chake chidali kuchepetsa chinyontho m'nyumba yosindikizira mabuku ku Brooklyn. Mtundu wa zigawo ziwiri udafalitsidwa ndi makampani a ku Japan kuyambira m'zaka za m'ma 1960. Ubwino wake ngwakuti phokoso limatsala panja ndipo khoma limangobooledwa kadzenje kamodzi. Kuipa kwake ngwakuti fakitale siimaliza ntchito yonse. Kulumikiza zigawo ziwirizo kumachitikira pakhomo pa wogula, ndipo moyo wa makinawo umadalira manja a amene walumikizayo.

Ntchito imene maso angaione

Mbali yaikulu ya ntchitoyi ndi yaumisiri wamba, ndipo munthu wodekha amene adagwirapo levulo ndi choboolera angathe kuichita. Choyamba ndi kuyesa chipinda. Makina amagulitsidwa ndi manambala monga 9,000, 12,000 kapena 18,000 BTU, osonyeza kuchuluka kwa kutentha kumene angachotse pa ola. Ochepa mphamvu amalira tsiku lonse osaziziritsa, ndipo opyola muyeso amangoyaka n'kuzima, chipinda n'kutsala chachinyezi. Nyumba yopanda siling'i iyenera kuyamba yaikidwa siling'i, chifukwa kuziziritsa pansi pa malata otentha kuli ngati kutungira madzi m'dengu.

Chachiwiri ndi kusankha malo. Chigawo cha panja chimafuna mthunzi ndi mphepo yoyenda bwino, ndipo chikwezedwe pa zitsulo zolimba kapena pa simenti, poti mvula ya ku Thyolo si yocheza nayo. Dzenje la pakhoma liyenera kupendekera panja. Chifukwa chake n'chakuti chigawo cha m'nyumba chimatuluka madzi, monga momwe botolo lozizira limachitira mame, ndipo madziwo ayenera kutsika okha m'kapaipi kake. Dzenje likapendekera m'kati, madzi amayenderera pakhoma mpaka pa mabuku ndi pa mipando.

Zolakwa za mbali imeneyi zili ndi ubwino umodzi: zimaoneka tsiku lomwelo. Chitsulo chikapotoka, levulo imanena. Madzi akadontha, diso limaona. Mwini nyumba amene wachita yekha ntchito zimenezi, atagwirizana kaye ndi mmisiri za malo ake, ali ndi ufulu wopempha kuti mtengo utsike.

Ntchito imene maso sangaione

Ogwira ntchito m'fakitale ya tiyi amadziwa kuti cholakwa china sichionekera pamene chachitikira. Masamba akapanda kufota mokwanira m'zofotetsera, makina amawadulabe, ng'anjo imawaumitsabe, ndipo tiyi amalowa m'matumba akuoneka wakuda ngati mnzake. Mlandu umakatulukira m'kapu ya wolawa, mtengo wake n'kugwa pa msika wa ku Limbe. Eyakoni nayo ili ndi zolakwa za mtundu umenewu, ndipo zikuluzikulu n'ziwiri.

Choyamba chili pa mfundo za mapaipi. Kukamwa kwa paipi ya kopa kumafutukulidwa ndi chida chapadera kuti kukhale ngati kukamwa kwa lipenga, kenaka n'kumangidwa ndi nati. Mfundo zotere zimakhala zinayi. Nati ikamangidwa mofooka gasi amatuluka, ikamangidwa mopyoza kopa amang'aluka, ndipo n'chifukwa chake kabuku kamatchula muyeso wa kamangidwe umene umafuna sipanala yoyeza mphamvu. Gasi wa m'makinawa, ku mbali yotentha, amakankha ndi mphamvu yoposa kakhumi ya mpweya wa m'tayala la galimoto. Kabowo kosaoneka ndi maso n'kokwanira kuti gasi athe pang'onopang'ono, makina n'kusiya kuziziritsa patapita miyezi.

Chachiwiri ndi mpweya ndi chinyontho zotsalira m'mapaipi. Gasi amabwera atatsekeredwa m'chigawo cha panja, ndipo asanatsegulidwe, mapaipi ayenera kukokedwa ndi pampu imene amisiri amaitchula kuti vakyumu, kwa mphindi zosachepera 15 ndipo kawirikawiri kuposa apo. Pampu ikazimitsidwa, mmisiri amayang'anira geji kuti aone ngati muvi ukubwerera, pakuti ukabwerera ndiye kuti pena pakudontha. Chinyontho chikatsala, chimasakanikirana ndi mafuta a kompuresa n'kupanga asidi amene amadya ziwiya za m'kati. Pa tsiku loyamba makinawo amaziziritsa bwino lomwe, onse n'kuomba m'manja. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kompuresa, imene ili chiwiya chodula kuposa zonse, imadzafa nthawi yake isanakwane, ndipo wogulitsa akamva kuti makinawo adaikidwa ndi munthu wosaphunzira ntchitoyo, kawirikawiri amakana kubweza kanthu.

Pampu, mageji, chofutukulira mapaipi ndi sipanala yoyeza mphamvu si zida zopezeka m'nyumba iliyonse. Wozigula kuti aikire makina amodzi okha wataya kale ndalama imene amati apulumutse.

Magetsi ndi lamulo

Magetsi a ESCOM amafika m'nyumba pa mavoti 230, amene ndi okwanira kupha munthu. Eyakoni ya 12,000 BTU imadya pafupifupi kilowati imodzi pamene ikugwira ntchito mwamphamvu, ndipo imayenda maola ambiri mosalekeza. Imafuna waya wa muyeso woyenera, bureka yakeyake ndi waya wopita m'nthaka. Kuilumikiza pa soketi yakale ya wailesi n'kuitana moto padenga. Palinso vuto la magetsi othimathima, limene lidakula kwambiri pamene namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022. Magetsi akamabwerera mwadzidzidzi, kapena mphezi ikagunda mawaya, timabolodi ta m'makina amakono timapsa msanga ngati palibe chotetezera. Bungwe la MERA ndilo limapereka chilolezo kwa amisiri oika mawaya a magetsi m'nyumba, ndipo mwini nyumba ali ndi ufulu wofunsa kuti achione.

Gasi nayenso ali ndi malamulo ake. M'chaka cha 1987 maiko adagwirizana ku Montreal zothetsa magasi oononga ozoni, chophimba cha kumwamba chimene chimatchinga cheza choopsa cha dzuwa, ndipo Malawi adalowa m'panganoli mu 1991. Gasi wakale wa R-22 ali m'gulu limeneli, ndipo maiko ongotukuka kumene adapatsidwa chaka cha 2030 kuti akhale atamusiya. Wogula makina akale a R-22 chifukwa chotchipa adziwe kuti gasi wake adzanka nasowa. Mu 2016 ku Kigali panganolo lidawonjezedwa kuti likhudzenso magasi atsopano, amene saononga ozoni koma amatenthetsa dziko. Kilogalamu imodzi ya R-410A ikathawira mumlengalenga imatenthetsa ngati makilogalamu pafupifupi 2,000 a mpweya wa kaboni. Kwa boma lodalira mvula ya tiyi, limene lidaonanso ukali wa namondwe wa Freddy mu March 2023, imeneyi si nkhani yakutali. Pomaliza, R-32 amatha kuyaka akakumana ndi moto, ndipo gasi aliyense wamadzimadzi akagwera pa khungu amawotcha ndi kuzizira.

Si yense wonyamula sipanala amene ali mmisiri

Tsono kuitana munthu wina si mathero a nkhani. Alipo ena odzitcha amisiri amene amafika ndi sipanala ziwiri m'thumba, popanda pampu. Iwowa amatsegula gasi pang'ono kuti akankhe mpweya wa m'mapaipi, akamva kulira kwa fyuu n'kumanga nati, nati ntchito yatha. Njira imeneyi imataya gasi ndipo sichotsa chinyontho. Wolipira munthu wotere wagula cholakwa chomwe chija chimene akadachita yekha kwaulere.

Apa ndi pamene kuwerenga kabuku ndi kuonera makanema kumapindula. Safunsa adadya phula. Mwini makina afunse ntchito isanayambe ngati mmisiriyo abwera ndi pampu ndi mageji, ngati ayesa mfundo zonse zinayi, ndiponso ngati ali ndi satifiketi ya ntchitoyo. Afunsenso za utali wa mapaipi, chifukwa gasi wa ku fakitale amakwanira utali umene udalembedwa m'kabuku, kawirikawiri mamita asanu kapena kuposerapo pang'ono, ndipo mapaipi akatalika gasi ayenera kuwonjezedwa moyeza pa sikelo. Mtengo ulembedwe pa pepala, pamodzi ndi lonjezo lakuti adzabweranso gasi akatha msanga. Pa tsiku la ntchito mwini wake aimirire pomwepo, aone pampu ikulira ndi muvi wa geji utakhazikika. Mmisiri weniweni sakwiya ndi mafunso otere.

Makina akaikidwa, ntchito imabwereranso m'manja mwa mwini wake. Kutsuka masefa a m'chigawo cha m'nyumba milungu ingapo iliyonse, kuchotsa masamba ndi fumbi pa chigawo cha panja, ndi kuona kuti kapaipi ka madzi sikadatsekeke, zonsezi sizifuna kuitana munthu wa ku Limbe.

Mwayi kwa otsiriza sukulu

Ndalama ya ulendo imene anthu a ku Thyolo amadandaula nayo ikuloza mpata umene achinyamata angalowemo. Luso loika eyakoni ndi lomwelo lokonza mafiriji a m'magolosale, a katemera m'zipatala ndi matanki oziziritsira mkaka a alimi a ng'ombe a ku Bvumbwe ndi madera ozungulira. Maphunziro a ntchitoyi amapezeka m'makoleji ena a ntchito zamanja pansi pa TEVETA, bungwe limene lidakhazikitsidwa mu 1999. Mnyamata kapena mtsikana wotsiriza Fomu 4 amene adamvetsa bwino za kutentha, za mpweya ndi za magetsi m'kalasi la sayansi ali kale ndi maziko ake. Aphunzitsi nawo ali ndi chitsanzo chapafupi: firiji ya pa golosale ya pafupi ndi sukulu ikhoza kufotokoza mutu wonse wa kuwira ndi kuuma kwa zamadzimadzi kuposa chojambula cha pa bolodi.

Choncho muyeso wake ndi uwu. Ntchito imene cholakwa chake chimaoneka tsiku lomwelo, mwini nyumba aichite ngati ali ndi manja ake. Imene cholakwa chake chimabisala m'paipi ndi m'waya aisiyire wokhala ndi zida ndi maphunziro, koma iye akhale wodziwa zokwanira kuti amuyang'anire.

Gawo lotsatira lidzafotokoza za kamangidwe ka nyumba zozizira zokha popanda makina.